Masamba Awiri ndi Kamphukira

Munthu amene ali ku London, ku Berlin kapena ku Tokyo lero akhoza kugula tiyi wa ku Thyolo asanadzuke n'komwe pabedi. Amangotsegula foni, n'kusankha tiyi amene akumufuna, n'kulipira ndi khadi, ndipo pakatha masiku owerengeka phukusi lafika pakhomo. Koma tsamba limene lili m'phukusimo linathyoledwa ndi munthu amene anaima m'munda mame akumufika m'chiuno, dengu lili kumsana, monga momwe ankaimira agogo ake zaka 100 zapitazo. Masiku ano kwachuluka anthu odandaula kuti intaneti yatilanda kukoma kwa zinthu zakale zochita ndi manja. Dandaulo limeneli ndimalimva, ndipo mbali ina ndimagwirizana nalo. Koma mwana wobadwira pa esiteti ngati ine sangalimeze lonse asanafunse kuti manjawo anali a yani, nanga kukomako kunkakomera ndani.

Tiyi ndi mlendo kuno kwathu, ngakhale lero amaoneka ngati anamera limodzi ndi mapiri. Mbewu zoyamba zinafika ku mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo anazibweretsa ndi Jonathan Duncan, amene ankasamalira dimba la pamishonipo. M'chaka cha 1891 Henry Brown, mzungu amene anali atalimapo ku Ceylon, anatenga mbewu kumishoniko n'kukadzala ku Mulanje. Ku Thyolo, kumene azungu ankalemba kuti Cholo, atsamunda anayamba ayesa khofi ndi fodya. Tiyi anadzafalikira kwenikweni m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, fodya wa azungu atagwa mtengo. Njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908 inadzera pa Luchenza, ndipo mlatho wa pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935 mabokosi a tiyi ankatsika mosavuta mpaka ku doko la Beira.

Mbewu zinachokera kutsidya kwa nyanja, ndalama zinachokera ku Ulaya, koma manja ambiri anachokera kuseri kwa phiri la Mulanje. Kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 Alomwe ankaoloka malire m'magulumagulu kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Agogo anga aakazi anali m'gulu limodzi lotero, ali kamwana koberekedwa kumbuyo. Atafika kuno anapeza kuti malo abwino ali kale m'manja mwa azungu, ndipo wofuna pomanga nyumba ndi kadimba ankayenera kulipira ndi thukuta lake. Apa ndi pamene mawu abwinobwino akuti thangata anaipitsidwa. Kwa makolo athu kuthangata kunali kuthandizana, lero kumunda kwako mawa kwanga, pamapeto n'kumwera limodzi thobwa kapena mowa. Pa esiteti mawu omwewo anasanduka lendi: mwezi umodzi wogwirira malo, wina wogwirira msonkho wa nyumba. Ndipo mwezi wake sunali wa kumwamba ayi, unali wa pa tikiti. Kapitawo akaona kuti ndime sunamalize sankachonga tsikulo, motero mwezi umodzi unkatha kutalika mpaka masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa, nthawi yomweyo ya dzinja imene munda wako ukufuna khasu.

Mkwiyo umene anthu anausunga zaka zonsezo unaphulika mu Ogasiti 1953. Chiyambi chake chinali chaching'ono: anthu ena anagwidwa pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, powaganizira kuti akuba malalanje. Mphekesera zinayenda kuti azungu akufuna kuwapha, anthu anasonkhana, misewu inatsekedwa ndi mitengo, ndipo zipolowe zinafalikira m'maboma ena a kummwera, nthawi imeneyo n'kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikungoyamba kumene. Anthu 11 anaphedwa. Thangata anadzathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Agogo anamwalira ine ndili kusekondale, ndipo pa nkhani zonse zimene anandisimbira sindinamvepo tsiku limodzi akunena kuti kuthyola tiyi kunkakoma. Ankasimba za zala zong'ambika ndi zodetsedwa ndi utomoni wa masamba, za chiperoni chimene chimalowa mpaka m'mafupa, za njoka zobisala pansi pa mitengo ya tiyi, za msana. Komabe luso lawo ankalinyadira. Ankati wothyola weniweni sayang'ana tsamba, zala zimaliona zokha: masamba awiri anthete ndi kamphukira ka pakati, manja onse awiri akugwira ntchito nthawi imodzi, kuponyera kumsana osacheuka. Mlendo pa ntchitoyi ankadziwika ndi dengu lodzaza masamba okhwima amene kalaliki ankawabweza. Kunyadira luso ndi kukonda goli ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ambiri olemba za kukongola kwa minda ya tiyi amazisakaniza.

Kalaliki amene ankabweza masambawo, m'zaka za m'ma 1980, anali bambo anga. Ankagwira pa esiteti ina imene sindiitchula dzina. Zida zawo zinali sikelo ya singano yopachika pa mitengo itatu, buku lalikulu la mizere ndi pensulo yomangirira chingwe. Munthu aliyense anali ndi nambala. Dengu likapachikidwa, singano inkavina kaye isanaime, ndipo pa kuvina kumeneko ndi pamene pankabadwira mikangano yonse ya pa esiteti. Wothyola ankaona singano itafika pa 14, kalaliki ankaona 13, kenaka n'kuchotsapo za kulemera kwa dengu ndi za madzi a mvula. Ambiri mwa othyolawo sankatha kuwerenga zimene zalembedwa m'bukumo. Bambo ankadziwika kuti ndi munthu wachilungamo, koma iwo omwe ankanena kuti dongosolo limene likudalira mtima wa munthu mmodzi wogwira pensulo ndi dongosolo loopsa.

Tsono panali tsiku la malipiro. Ili ndilo tsiku limene ndimati ndikalikumbukira ndimawamvetsa aja olira zakale. Tebulo linkaikidwa pakhonde la ofesi, bokosi lachitsulo pambali, mlonda ataima ndi chibonga. Anthu ankandanda pamzere kuyambira masana, nambala ikuitanidwa, munthu n'kudinda chala, n'kulandira envulopu yake ya khaki. Kunja kwa mpanda kunali kutamera msika umene dzulo lake kunalibe. Amayi a ku Bvumbwe ndi matimati ndi kabichi, anyamata a njinga ndi matemba ndi usipa, a kaunjika atayala zovala pa udzu, telala atanyamula makina ake pamutu kuchokera kumudzi, zitumbuwa, nthochi zimene nthawi imeneyo Thyolo ankatchuka nazo matenda asanazithe, thobwa m'zidebe, ndi kuseri kwa nthochiko zakumwa zina zosatchulidwa pagulu. Wa katapila ankaima pachipata penipeni, maso ali pa envulopu ya aliyense amene anali naye ngongole. Amayi ena ankafika msanga n'kuima pafupi ndi wa katapilayo, kudikira kuti alande envulopu kwa bambo a kunyumba isanaone njira ya kumowa. Pamenepo ndi pomwe ngongole zinkabwezedwa pamaso pa mboni, pomwe uthenga wa maliro ndi wa ukwati unkafalikira, pomwe mnyamata wa ku fakitale ankapeza mpata wolankhula ndi mtsikana wa kumunda. Dzuwa likamalowa ng'oma za tchopa zinkayamba kumakomboni. Ndalama zake zinali zochepa zomvetsa chisoni, koma zinkafika ndi phokoso, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti zafika.

Lamulungu masana bambo ankasanduka mlembi wa anthu onse. Ambiri anali ndi abale ku Joni, ku Harare kapena ku Bulawayo. Ulendo wa kumigodi kudzera ku Wenela unaimitsidwa ndi Kamuzu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, unayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, n'kudzatheratu mu 1988, koma makalata sanaleke kuyenda. Mayi ankakhala pamkeka n'kumayankhula, bambo akulemba: moni, ife kuno tili bwino kaya inu kumeneko, mwana uja wayamba kuyenda, denga likudontha. Ine ntchito yanga inali kunyambita sitampa. Kalata inkatenga masabata kuti ifike, yankho masabata enanso, ndipo likafika linkawerengedwa mokweza kawiri kapena katatu, kenaka n'kusungidwa m'chikwama cha malata pansi pa bedi. Ndimakumbukira fungo la mapepala amenewo. Ndimakumbukiranso nkhope ya mayi wina amene anamva za imfa ya mwamuna wake patatha mwezi chimuikireni m'manda, ndi manyazi a anthu akuluakulu amene ankakakamizika kuulula zinsinsi za m'banja mwawo kwa kalaliki chifukwa choti sankadziwa kulemba.

Zonsezi zinasintha m'nthawi yochepa kwambiri. Mafoni a m'manja anayamba ndi TNM chapakati pa zaka za m'ma 1990, Celtel inabwera mu 1999, ndipo poyamba zinali za mabwana okhaokha. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013. Lero mnyamata amene ali ku Johannesburg amatumiza ndalama pa Mukuru m'mawa, masana mayi ake n'kukhala atagula kale ufa pa Thunga kapena pa Makwasa. Amayankhulana pa WhatsApp, ndipo wosadziwa kulemba amangojambula mawu ake n'kutumiza, popanda kalaliki womvera zinsinsi. M'malo ambiri sikelo ya singano yalowedwa m'malo ndi ya manambala, imene sivina. Msuweni wanga, amene ali ndi kamunda kake ka tiyi ndipo amagulitsa masamba ku fakitale ina, ndalama zake amazipeza pa foni. Samayendanso mtunda ndi ndalama m'thumba mtima uli m'mwamba. Amene angamuuze kuti abwerere ku pensulo ndi envulopu chifukwa choti zakale zinali zokoma ayambe wanyamula yekha dengu.

Komatu walira mvula walira matope. Pochotsa ndalama pa foni pamadulidwa kenakake, ndipo kwa munthu wolandira zochepa kenakakeko ndi ndiwo za tsiku limodzi. Umafika kwa ejenti n'kumva kuti netiweki palibe, kapena kuti ndalama zamuthera, ubwere mawa. Akuba amene kale ankabisala m'tchire tsopano amatumiza uthenga wonamizira kuti ndi m'bale wako amene wasintha nambala. Nkhalamba zambiri nambala yachinsinsi zinaipereka kwa mdzukulu, ndiye kuti kalaliki uja wabweranso, wangosintha msinkhu. Wa katapila naye analowa m'foni momwemo, ndipo uyu saima pachipata pomwe ungamuone n'kumupempha kuti akudikireko. Ndalama ikafika mwakachetechete m'thumba la munthu mmodzi, mayi uja wodikira envulopu sadziwanso tsiku loti akaime pachipata. Ichi n'chimene ndimachiona ngati chotayika chachikulu: malipiro analeka kukhala nkhani ya gulu.

Malonda a tiyi pa dziko lonse ayenda njira yomweyi. Msika wa okushoni wa ku London, umene unakhala zaka zoposa 300, unatsekedwa pa 29 Juni 1998. Wa ku Colombo unasamukira pa intaneti mu Epulo 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo wa ku Mombasa unatsatira. Amalonda amene kale ankakuwa mitengo m'chipinda chimodzi tsopano amapikisana aliyense ali pa kompyuta yake. Koma pali chipinda china chimene sichinasamuke. Pa fakitale iliyonse ku Thyolo, ndiponso kwa amalonda a tiyi ku Limbe, muli tebulo lalitali loyalapo timakapu toyera. Tiyi amayezedwa pang'ono, amathiridwa madzi owira, amadikira mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Kenaka wolawa amayenda ndi supuni, kufwifwinthiza mwaphokoso ngati mwana wosaphunzitsidwa mwambo, kuzunguza m'kamwa, n'kulavula. Amanunkhiza masamba onyowawo, amayang'ana kufiira kwa madzi ake, kumene ndi kumene tiyi wa ku Malawi amatchuka nako kwa osakaniza tiyi a ku Britain ndi ku South Africa. Atatero amatha kukuuza kuti masamba awa anafota mopitirira, awa anapsa poumitsa, awa anagona m'dengu. Nambala imene imaoneka pa kompyuta ija imayambira pa lilime la munthu ameneyu, ndipo lilime lotere limatenga zaka kuti lipsye.

Chodabwitsa n'chakuti intaneti yomweyo, imene timainena kuti ikupha ntchito za manja, ndi imene yatsegulira msika tiyi wopangidwa ndi manja. Tiyi wambiri wa dziko lino, amene amakhala pakati pa matani 40,000 ndi 50,000 pachaka, amadulidwa ndi makina kukhala timibulu ting'onoting'ono, n'kukathera m'timatumba toviika m'kapu, atasakanizidwa ndi wa maiko ena, dzina la Malawi osaonekanso. Esiteti ya Satemwa, imene Maclean Kay anaiyambitsa mu 1923 ndipo ikadali m'manja mwa banja lomwelo, inayesa njira ina m'zaka za m'ma 2000. Inayamba kupanga tiyi wa masamba athunthu, woyera, wobiriwira ndi wa mitundu ina, wina wokulungidwa ndi manja ngati mikanda, wina wopangidwa ndi timitengo tanthete tokhatokha. Tiyi wotere sungamugulitse ndi matani. Amafuna munthu mmodzimmodzi wokonda tiyi, wina ku Germany, wina ku America, amene ali wokonzeka kulipira bwino paketi yaing'ono yolembedwa dzina la munda umene wachokera. Kale anthu oterowo kunali kovuta kuwapeza uli kuno ku Thyolo. Lero iwo ndi amene amakupeza. Kampani ya Rare Tea ya ku London imagulitsa tiyi wa ku Satemwa pansi pa dzina lakuti Lost Malawi, dzina limene limandiseketsa pang'ono, poti ife sitinadziwe kuti tinasochera.

Alendo nawo amabwera. Nyumba ya Huntingdon, imene Maclean Kay anamanga mu 1928, tsopano ndi malo ogona alendo, ndipo ambiri amasungitsa malo pa intaneti ali kwawo. Amayenda m'minda, amalawa tiyi ndi supuni, ena amapempha dengu kuti ayeseko kuthyola, n'kujambulitsa. Nditawafotokozera zimenezi azakhali anga, amene anathyola tiyi zaka zoposa 30 pa esiteti ina mpaka msana unapindika, anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mwana wa achimwene, ukunena kuti munthu akwere ndege, alipire ndalama zake, kuti adzanyamule dengu? Bwanji osandiuza kale, ndikanawabwereka langa." Atapuma anafunsa ngati alendowo amathyola bwino. Ndinati sindikukhulupirira. Anagwedeza mutu n'kunena kuti akanakhala ndi mphamvu akanapita kukawaonetsa, chifukwa si bwino munthu kubwerera kwawo akuganiza kuti tiyi amazulidwa ngati bonongwe.

Sindiwanyoza alendowo. Munthu amene amakhala tsiku lonse akuyang'ana galasi la kompyuta ali ndi njala yeniyeni yofuna kugwira chinthu chamoyo, ndipo inenso njala imeneyo ndili nayo. Nkhani inoyi ndailemba pa kompyuta ndipo ipita kwa akonzi pa intaneti, koma tiyi wanga ndimagula wa masamba, ndimaphika m'ketulo n'kusefa, chifukwa wa m'timatumba amandikomera ngati madzi otsukira mbale. Kusiyana kwa mlendo ndi azakhali n'kwakuti mlendo akatopa amatula dengu n'kukasamba madzi otentha. Ntchito ya manja imakoma pamene mwini manjawo ali ndi ufulu wonena kuti basi, ndiponso pamene ikumulipira mokwanira. Ku Thyolo ufulu umenewo wabwera mochedwa ndipo sunakwane. Mgwirizano woyamba wa malipiro pakati pa bungwe la eni minda ya tiyi ndi bungwe la ogwira ntchito m'mindamo, PAWU, unasainidwa mu 2016, patatha zaka 125 chiyambireni Henry Brown kudzala tiyi.

Ndipo manjawo ali pa mpikisano ndi chitsulo. Masizasi othyolera tiyi analowa kale m'minda yambiri, ndipo makina oyendera mafuta amachita ntchito ya anthu ambirimbiri, ngakhale sasankha tsamba: amameta lanthete ndi lokhwima lomwe. Ku Kericho, m'dziko la Kenya, anthu okwiya anatentha makina otere mu Meyi 2023. Kuno, kumene minda ya tiyi imalemba anthu pafupifupi 50,000 m'nyengo ya dzinja ndipo malo olima ndi ochepa kwambiri, funso limeneli ndi la nsima. Ntchito imene agogo ankaidandaula ndi yomweyo imene adzukulu awo akuopa kuti ingawathawe. Ngati kuthyola ndi manja kudzapulumuke, sikudzapulumuka chifukwa cha ife olemba nkhani zolira zakale. Kudzapulumuka ngati wogula uja wa pa foni adzapitiriza kufuna masamba awiri ndi kamphukira, ndiponso ngati ndalama imene amalipira idzatsika phiri mpaka kufika kwa mwini zala.

Pamene ife tikutsutsana za zimenezi, amayi a m'midzi yozungulira maesiteti anagawa kale zinthu m'njira yawo. Msuweni wanga uja ali m'gulu la banki m'khonde, njira yosungira ndalama imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991 ndipo lero yafika pafupifupi m'mudzi uliwonse kuno. Ndalama za masamba ake zimafika pa foni, za mwana wake wa ku Joni zimafikanso pa foni, ndipo uthenga wokumbutsana za msonkhano umayenda pa foni. Koma tsiku la gulu likafika amapita kwa ejenti, n'kuchotsa ndalamazo kuti zikhale za mapepala, n'kuzimanga pansonga ya chitenje. Amakhala pamikeka mozungulira bokosi la maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana. Aliyense amaitanidwa dzina, amaika ndalama zake m'mbale pamaso pa onse, owerengera awiri amawerenga mokweza, mlembi amadinda m'kabuku. Wochedwa amalipira chindapusa. Wofuna ngongole amanena chifukwa chake pagulu, ndipo amene mwana wake wadwala amamveka pomwepo. Mnyamata wina wophunzira anawauza kuti zonsezi zikhoza kuchitika pa foni popanda wina kuchoka pakhomo pake, ndipo iwo anamuyamikira chifukwa cha nzeruzo. Sabata yotsatira anakumananso pakhonde lomwelo, ndipo mu Disembala, pogawana za chaka chonse, anaphika mpunga ndi nkhuku, n'kufulula tiyi wa mkaka m'poto wamkulu wa pamaliro.